Kodi Mumadziwa? Fungo la Thina Silithera M'mphuno

Kodi mumadziwa kuti fungo la thina, lija limakuchingamirani mukangolowa m'galaja yopopera magalimoto, silithera m'mphuno? Limatsikira m'mapapo n'kulowa m'magazi m'kamphindi kochepa. Pa toluene yense amene mwapuma, yemwe amapezeka mu thina wambiri, pafupifupi theka amatsalira m'thupi.

Nanga khomo lolowera ndi lalikulu bwanji? Khungu la munthu wamkulu mutaliyala pansi lingakwane masikweya mita awiri okha, ngati kamphasa. Koma timatumba ta mpweya ta m'mapapo titayalidwa tingakwane masikweya mita pafupifupi 70, nyumba yathunthu ya zipinda ziwiri ndi pabalaza pomwe!

Thinayu ali ndi abale ake ambirimbiri: ena ali mu guluu wa nsapato, ena mu vanishi, ena mu inki ya makina osindikizira, ena m'madzi otsukira zitsulo. Onsewa ntchito yawo ndi imodzi, kusungunula mafuta ndi zomata. Tsono taganizani, kachikopa kokuta selo iliyonse ya thupi lanu n'kopangidwa ndi mafuta, ndipo maselowo mulinawo pafupifupi 30 thiriliyoni.

Tsiku lina ndinaima pagalaja ina ndikudikira galimoto ya alamu anga. Mnyamata wopopera penti atamaliza chitseko chomaliza anathira thina m'chitini chodula pakati, n'kuviikamo kasanza, n'kudzipukuta mpaka m'zigongono. Zala zake zinatuwa mbuu ngati wapakasa ufa woyera.

Kutuwa kumeneko sikunali kuyera ayi, anali mafuta a pakhungu atakokoloka. Mnyamatayo anakhala pa tayala, n'kunyema chigumu ndi zala zomwezo, akuseka ndi anzake. Khungu lopanda mafuta ake lili ngati khola la nkhuku losatseka usiku.

Tsopano tikwere ndege. Mu 1995, mumzinda wa Yangsan pafupi ndi Busan ku South Korea, pa fakitale ya LG yopanga tizipangizo ta zamagetsi panadziwika chinthu chodabwitsa. Pa azimayi 25 amene ankagwira ntchito mbali imodzi yolumikiza timaswichi, amene anasiya kusamba anali 16.

Sikuti anali oyembekezera. Ena anali a zaka za m'ma 20, koma ankamva kutentha thupi kobwera mwadzidzidzi, kuja amadandaula nako amayi akamasiya msambo. Timatumba tawo ta mazira tinali titasiya ntchito ngati ta mayi wa zaka 50.

Abambo nawo sanapulumuke. Mbali imeneyo munali amuna 8, ndipo atawayeza anapeza kuti anayi mbewu yawo inali yochepa kapena yofooka, pamene awiri analibiretu mbewu ngakhale imodzi mu umuna wawo. Amuna 6 mwa 8, kutanthauza atatu mwa anayi alionse!

Chinalakwika n'chiyani? Mu 1987 mayiko anagwirizana ku Montreal kuti asiye mankhwala owononga mpweya wa ozone, uja umatiphimba ku ukali wa dzuwa, ndipo anaganiza bwino kwambiri. Fakitaleyi inkatsukira zipangizo zake ndi amodzi mwa mankhwala amenewo, Freon 113, choncho mu 1994 inabweretsa madzi ena otsukira amene magawo 97 pa 100 anali 2-bromopropane.

Mankhwala atsopanowo anali asanayezedwe mokwanira pa nkhani ya kubereka. Antchito ankapuma nthunzi yake tsiku ndi tsiku, ena akuwakhudza ndi manja. Kuchokera pamene anafika m'fakitale kufika pamene vuto linaululika sipanathe zaka ziwiri.

Ndipo sanalekere pamenepo. Analowa mpaka m'mafuta a m'mafupa, momwe thupi limapangira magazi. Azimayi 8 anapezeka kuti magazi awo achepa mbali zonse zitatu: maselo ofiira, maselo oyera, ndi aja othandiza kuti bala lisiye kukha.

Kodi anachira? Madokotala anawatsatira azimayi 16 aja kwa zaka ziwiri, ndipo mmodzi anatenga pakati n'kubereka mwana wabwinobwino, nkhani imene imandisangalatsa nthawi zonse ndikaikumbukira. Koma onse amene thupi lawo linabwereramo anali awiri okha.

N'chifukwa chiyani kuchira kumavuta chotere kwa mayi? Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo thupi silipanganso ena. Akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000, ndipo okhwima pa moyo wake wonse sapitirira 500.

Tamvani iyinso: mazira amenewa amapangika mwanayo akadali m'mimba mwa mayi ake. Pa sabata ya 20 ya mimba, kamtsikana kosabadwako kamakhala ndi mazira 6 kapena 7 miliyoni. Ndiye kuti mayi woyembekezera mwana wamkazi akapuma nthunzi ya mankhwala, pamalo amodzi pali mibadwo itatu!

Kwa abambo zinthu n'zosiyana. Machende ali ngati chigayo chosazima magetsi, usiku ndi usana akupanga mbewu yatsopano. Pa sekondi imene mwawerenga mawu awa, bambo wathanzi wapanga mbewu zoposa 1,000.

Komatu maselo amene amachulukana mwaliwiro chotere ndi amene poizoni amayamba kugwetsa. Anthu a ku Lathrop ku California anaziona mu 1977, pa fakitale ya Occidental Chemical. Kumeneko ankasakaniza DBCP, mankhwala ophera tinyongolotsi ta m'nthaka, amene kapangidwe kake n'kapachibale ndi 2-bromopropane wa ku Yangsan uja.

Kodi mukudziwa amene anatulukira vutoli? Anali antchito eni ake, pocheza pa nthawi yopuma, atazindikira kuti papita nthawi yaitali popanda mnzawo wa mbali imeneyo wonena kuti kwake kwabadwa mwana. Dokotala Donald Whorton atayeza amuna 25, anapeza kuti opanda mbewu kapena okhala ndi yochepa kwambiri anali 14.

Apa mtima umandiwawa. Asayansi a makampani opanga DBCP anali atalemba kale mu 1961 kuti mankhwalawa amafwetsa machende a nyama zoyeserera. Kuchokera pa makoswe aja kufika pa abambo a ku Lathrop panadutsa zaka 16.

America inaletsa DBCP mu 1979, kupatula m'minda ya chinanazi ku Hawaii komwe anapitirira mpaka 1985. Koma m'minda ya nthochi ya ku Central America anali atathiridwa kale kwa zaka zambiri. Ku Costa Rica kokha, amuna amene anatsala osabereka akuyerekezeredwa kuti ndi pafupifupi 1,500.

China chodabwitsa chinaoneka ku Israel, komwenso kunali fakitale ya DBCP. Abambo amene anabereka pa nthawi imene ankagwira mankhwalawa anabereka atsikana ambiri kuposa anyamata. Chikhalirecho padziko lonse, pa atsikana 100 alionse pamabadwa anyamata pafupifupi 105.

Mwina mukuti izi ndi za masiku ano. Ayi ndithu! Dokotala wa ku Paris, Auguste Delpech, analemba za amisiri a labala amene ankagwiritsa ntchito carbon disulfide m'tizipinda topanda mpweya, n'kumadandaula kuti mphamvu za kuchipinda zawathera; chinali chaka cha 1856, zaka 139 za ku Yangsan zisanachitike.

Nanga foni imene ili m'thumba mwanuyo? Ubongo wake, kachipu kaja, amakapangira m'zipinda zimene mpweya wake umasefedwa mosalekeza, ndipo antchito amavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. M'zipinda zimenezi fumbi ndi lochepa kuposa m'chipinda chochitira opaleshoni.

Zovala zoyerazo ntchito yake ndi kuteteza kachipu ku tsitsi ndi thukuta la munthu. Zosefera mpweya zimakola fumbi, koma nthunzi ya mankhwala imadutsa n'kumazungulira momwemo. Mu 1986, kafukufuku pa fakitale ya Digital Equipment ku Hudson, Massachusetts, anapeza kuti mbali ina ya zipindazi mimba 39 pa 100 zinkapita padera, pamene kwa antchito ena zinali 18.

IBM inaitana akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins kuti aone m'mafakitale ake. Zotsatira zinatuluka mu 1992 ndipo zinaloza chala gulu la mankhwala osungunulira otchedwa glycol ether. Pa mimba 30 za azimayi amene ankagwira kwambiri mankhwalawa, zimene zinapita padera zinali 10, imodzi mwa zitatu zilizonse.

Ma glycol ether amenewa ndi ochenjera zedi. Fungo lawo si laukali, ena limamveka ngati lotsekemera, choncho mphuno siikuchenjezani. Ndipo amalowa pakhungu mosavuta, ngati madzi pa mchenga wa kunyanja.

Chiwindi chikawalandira chimawagwira ndi chida chomwe chija chimaphwanyira mowa. Koma pa mtundu umodzi mwa iwo, methoxyethanol, chotuluka pamenepo ndi asidi woopsa kuposa mankhwala amene analowa. Kuti theka lokha la asidi ameneyu lichoke m'thupi pamafunika maola pafupifupi 77.

Tawerengerani nokha. Mwaweruka Lachisanu 5 koloko madzulo, mwapuma Loweruka, mwapita kutchalitchi Lamulungu, mwabwerera ku ntchito Lolemba m'mawa n'kuwonjezera wina. Theka la wa Lachisanu uja likadali m'magazi mpaka Lolemba 10 koloko usiku!

Makampani akuluakulu a ku America anasiya ma glycol ether oopsawa m'zaka za m'ma 1990. Koma ntchito yopanga machipu inakula kwambiri ku Asia, ndipo mavuto ake anaonekeranso kumeneko. Mu 2024, bungwe la boma loona za chipukuta misozi cha antchito ku South Korea linavomereza kuti matenda amene ana ena anabadwa nawo anachokera ku ntchito ya amayi awo m'mafakitale a Samsung, ndipo anawo anali atatu.

Opaka penti, tcherani khutu apa. Ku Britain ofufuza a ku Manchester ndi Sheffield anafunsa ndi kuyeza amuna 2,118 amene anapita ku zipatala 14 zothandiza mabanja osowa mwana, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008. Amene ankagwira kwambiri ma glycol ether, monga opaka penti m'nyumba, chiopsezo chawo chokhala ndi mbewu yoyenda yochepa chinali choposa kawiri cha anzawo.

Tibwerere kwa toluene wathu wa mu thina ndi guluu. Ku Singapore kunali fakitale yopanga masipika a wailesi, komwe azimayi ena ankamata zipangizo ndi guluu tsiku lonse. Kafukufuku wa mu 1992 anapeza kuti mwa iwo mimba 12 pa 100 zinkapita padera, pamene kwa anzawo a mbali ina ya fakitale yomweyo zinali zitatu.

Kodi nsapo siiteteza mwana? Imayesetsa, koma mankhwala osungunuka m'mafuta amaidutsa monga momwe mowa umachitira. Ana obadwa kwa amayi amene ankanunkhiza guluu ali oyembekezera amaoneka ndi zizindikiro zofanana kwambiri ndi za ana a amayi amene ankamwa mowa mwauchidakwa.

Ndipo nthawi yoopsa kwambiri imafika msanga kuposa mmene ambiri timaganizira. Mtima wa mwana umayamba kugunda patangotha masiku pafupifupi 22 chitengereni pakati, mayi atangodumphitsa msambo ndi sabata imodzi, mwina asanauze ngakhale bambo wa kunyumba. Pa nthawiyo mwana yense ndi wamng'ono ngati kanjere ka chitowe.

Ku Toronto, madokotala anatsatira azimayi oyembekezera 125 amene ankagwira mankhwala osungunulira ku ntchito: a m'mafakitale, a m'malabotale, osindikiza mabuku, ojambula. Anawayerekeza ndi ena 125 amene sankagwira, ndipo analengeza zotsatira mu 1999. Ana obadwa ndi chilema chachikulu anali 13 mbali yoyamba, mmodzi yekha mbali inayo.

Koma mfundo imene ndimaikonda m'kafukufuku ameneyu ndi iyi, chifukwa imatipatsa chogwira. Pa ana 13 aja, 12 anali a amayi amene ankamva zizindikiro ali pa ntchito, monga litsipa, maso kuyabwa kapena kubanika. Mwa amayi 43 amene sanamvepo chizindikiro chilichonse, obereka mwana wolumala anali 0.

Mwaonatu, thupi limalankhula. Mutu uja umayamba kugunda cha m'ma 11 koloko pa ntchito n'kusiya wokha Lamulungu si wa panado ayi. Ndi belu, ngati la kusukulu.

Chovuta n'chakuti mphuno imatopa msanga. Mukalowa m'shopu ya mipando yopaka vanishi mumatsokomola, koma kalipentala amene wakhalamo kuyambira m'mawa amakuuzani kuti, "Aaa bwana, ife tinazolowera." Chimene chazolowera ndi mphuno yokha, ndipo imachita zimenezi m'mphindi zochepa chabe.

Nayi ina ya ku Canada, ya mu 1977. Khanda la masabata 6 linadwala chikasu, chiwindi chitatupa, madokotala n'kusowa chifukwa chake. Kenako anamva kuti mayi ake ankapita kukadya nkhomaliro ndi amuna awo, amene ankagwira ntchito pamalo ochapira zovala ndi mankhwala m'malo mwa madzi.

Mayiyo sankagwira ntchito kumeneko, ankangokhalako pang'ono masana. Koma perchloroethylene, mankhwala ochapira masuti aja, anapezeka mu mkaka wake wa m'mawere, ndipo mwanayo anachira atasiya kuwalandira. Bere ndi chakudya chopambana cha khanda, abale anga. Choyenera kuthawa ndi nthunziyo, imene imalemera kuposa mpweya wamba pafupifupi ka 6.

Kulemera kumeneko kuli ndi tanthauzo. Nthunzi ya mankhwala ambiri otere siikwera kudenga ngati utsi wa nkhuni, imatsika n'kudikha pansi, m'maenje okonzera magalimoto ndi m'makona. Ya toluene imalemera katatu kuposa mpweya, choncho wopuma yambiri ndi amene wagwada, kapena mwana amene wagonekedwa pa chitenje pansi.

Nanga kamasiki ka pepala kapena kansalu komanga kukamwa? Kameneko kamakola fumbi basi. Kwa nthunzi ya thina, timabowo take ndi totakasuka ngati ukonde wa chambo kwa usipa.

Masiki oyenera amakhala ndi timabokosi m'mbali, ndipo m'kati mwake muli makala ophikidwa mwapadera mpaka kudzaza timabowo tosaoneka ndi maso. Galamu imodzi ya makala amenewa imatha kukhala ndi malo omatirapo nthunzi okwana masikweya mita 1,000. Magalamu 7 okha, bwalo lonse la mpira!

Makalawo akakhuta amasiya kugwira ntchito, ndiye timabokosito timafunika kusintha. Magolovesi nawonso ali ndi mitundu, ndipo pepala la chitetezo la mankhwala alionse limatchula oyenera. Aja opyapyala a labala ovala kuchipatala, toluene amawadutsa m'mphindi zowerengeka.

Koposa zonsezi ndi mpweya woyenda: zitseko zotsekula mbali ziwiri, chitini chovindikira, zisanza zonyowa zotayidwa panja. Penti wosungunula ndi madzi, pamene angagwire ntchito, ndi wabwino kuposa wa thina. Ndipo kuno kwathu udindo wa olemba ntchito woteteza thanzi la antchito uli m'lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pa ntchito la chaka cha 1997.

Tsono tifike pakhomo. Banja likatha zaka ziwiri kuli zii, maso a apongozi ndi azilamu amathamangira kwa mkazi, ndipo mawu oti chumba amatuluka msanga. Chonsecho madokotala amapeza kuti mbali ya bambo imakhudzidwa pa mabanja pafupifupi theka la onse ovutika chonchi.

Ndipo mabanja amenewa si ochepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti vuto losowa mwana limagwera anthu a m'mayiko olemera ndi osauka pafupifupi mofanana. Pa moyo wawo wonse, munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana nalo.

Zifukwa zake n'zambiri, matenda opatsirana, msinkhu, chibadwa, ndipo thina si yekhayo wolakwa. Koma ine ndikanakonda kuti ankhoswe akakhala pansi, asanaloze aliyense chala, afunse kuti awiriwa amagwira chiyani m'manja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analangiza madokotala anzake kuti azifunsa wodwala aliyense za ntchito yake, ndipo munali mu 1700.

Kodi bambo akatalikirana ndi mankhwalawa zinthu zingabwerere? Kwa amene anagwira DBCP zaka zambiri mpaka mbewu kutheratu, ambiri sizinabwerere. Koma kwa amene mbewu inangochepa, ambiri inawonjezekanso atachoka pa mankhwalawo. Mbewu imodzi, kuchokera poyambira kufika pokhwima, imatenga masiku pafupifupi 74.

Ndiye wopopera penti amene wayamba kuvala masiki oyenera ndi kusamba m'manja ndi sopo pa 1 Januwale, mbewu yoyamba yopangidwa pambuyo pa kusinthako idzakhwima cha pakati pa Malichi. Kodi mwaona kufupika kwake? Ndi nthawi yofanana ndi imene nyemba zocha msanga zimatenga kuchokera pa phando kufika mu dengu.